Kuwerenga Mpaka Khumi

Zaka makumi atatu ndi zitatu
ndinakwera mapiri a Valparaíso ndi thumba la makalata.
Masitepe onse a mzinda uno ankadziwa mapazi anga,
agalu a m'misewu ankandiperekeza mpaka kudoko.
Lero ndagona chagada pa kabedi kopapatiza
ndipo mtsikana wa mafizo, Yasna,
wapinda thaulo, waliika kunsi kwa bondo langa lamanzere.
"Kanikizani, a Evaristo. Muwerenge mpaka khumi."

Khumi!
Ine amene ndinkawerenga makomo mazanamazana tsiku limodzi
ndathera pa zisanu ndi chimodzi,
ntchafu ikunjenjemera ngati chingwe choyanikapo zovala
mphepo ya kunyanja ikamaomba masana.

Bondoli si langa lonse.
M'kati mwake muli chitsulo ndi pulasitiki,
pamwamba chipsera chotalika ngati pensulo.
Usiku ndimalisisita, ndimalifunsa za nyengo.
Lakale lija linkandiuza mvula isanabwere,
ili langoti duu.

Lolemba, Lachitatu, Lachisanu.
Kokani chidendene, chiyandikire thako.
Kwezani mwendo uli wowongoka,
musaugwetse, muutsitse pang'onopang'ono.
Yasna ali ndi kachipangizo koyezera kupindika kwa bondo,
amakaika pambali, n'kulemba nambala m'kabuku,
ndipo sanama.
Sabata yatha analemba nambala yomweyo ya sabata inayo.
Ndinamutukwana chamumtima.
Iye anangoti, "Kunyumba simukupanga."
Zinali zoona.

Ndiye kunyumba ndinayamba.
Mpunga wa kilogalamu imodzi
m'sokosi yakale ya malemu mkazi wanga Herminia,
ndamangirira pakakolo.
Akanakhala moyo akanaseka mpaka kutsokomola.
Mpando wa kukhitchini: khala, dzuka, khala, dzuka,
manja pachifuwa, osagwira tebulo.
Pofika kachisanu ndi chiwiri ndimabera, ndimagwira.
Wondiona ndi mphaka yekha,
ndipo mphaka sauza munthu.
Kenaka paketi ya chimanga cha mufiriji pabondo lotupa,
wailesi ikukamba za mpira umene sindidzaseweranso,
umene, kunena zoona, sindinkautha n'kale lomwe.

Kuchokera pakhomo panga kufika pamsewu
pali masitepe makumi anayi ndi awiri.
Kale sindinkadziwa.
Ndani amawerenga mpweya umene akupuma?
Nibaldo wa pagolosale amatuma mdzukulu wake ndi buledi,
mwanayo amalumpha awiriawiri akuimba mluzu,
ine ndili pazenera, nsanje ili tho.

Yasna anandiphunzitsa lamulo:
pokwera utsogole mwendo wabwino,
potsika utsogole wodwala.
Ndinamufunsa, nanga yonse iwiri ikakhala yokalamba?
Sanaseke.
Anandipatsa lamba wa mphira wofiira,
nati wobiriwira ndi wa mwezi wamawa
ndikalimbikira.

Dzulo m'mawa, nkhungu isanachoke padoko,
ndinatenga ndodo, ndinakoka chitseko.
Ndodo, wodwala, wabwino.
Ndodo, wodwala, wabwino.
Pa sitepe ya khumi ndi chiwiri nkhongono zinatha,
ndinakhala pansi, simenti ikuzizira kumatako,
ndikuyang'ana sitima ya makontena ikulowa mwaulesi.
Mnyamata amene anatenga ntchito yanga anandipeza pomwepo,
thumba lija lili paphewa pake, lamba wake ndi watsopano.
Anandipatsa bilu ya magetsi m'manja,
nati, "Mwandifupikitsira ulendo, bambo."

Pobwerera anali masitepe omwewo, khumi ndi awiri,
wabwino patsogolo.
Ndinafika thukuta lili kamukamu,
ndinalemba nambalayo kuseri kwa envulopu ya bilu
kuti Lachisanu ndikamuonetse Yasna.
Akanena kuti ndafulumira, akandikalipira.
Kenaka akapinda thaulo lija.